Msana Wanga, Chijasi Changa

Tabernas, 9 Sepitembala 1996

Casimiro, mng'ono wanga,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino, pakuti mbala sizidwaladwala. Undiuze za mwana wako Amparo, ngati anakwatiwa, ndiponso ngati Ajeremani akukudyetsabe kabichi wowola.

Ine kuno dokotala wathu, Doña Pilar, wandiunika m'chifuwa ndipo wapeza kuti mapapo anga asanduka matumba a fumbi. Ndinamufunsa kuti, "Ndifika nthawi yothyola maolivi?" Iye anati, "Kuthyola mufika, koma mafuta ake musawawerengere." Ndiye ndayamba kulongedza.

Usagwire thumba, sindikupempha ndalama. Sindikupemphanso kuti ubwere. Ndikufuna chijasi changa.

Usanamizire kuiwala. Chijasi chachitali chija, cha mtundu wa dothi, chofika m'akakolo, chong'aluka kumbuyo kuti munthu akhale bwino pa hatchi, chimene ndinavala mu 1968 pamene Ataliyana ankajambula filimu ya *Pempherera Hatchi Yako, Mlendo* m'chipululu mwathu muno. Pa zikwangwani analembapo kuti Rod Hatcher. Rod Hatcher wake uti? Anali Gennaro wa ku Napoli, wogulitsa mafiriji, woopa hatchi ngati mwana poona jakisoni. Kamera ikafuna maso, ankaitana Gennaro kuti adzatsinzine pang'ono, ndudu ili pakamwa. Ikafuna munthu, ankaitana ine. Wotsetsereka phiri pa hatchi uja ndi ine. Wotuluka m'tauni kumapeto kuja, nyumba zikuyaka, iye osacheuka, ndi msana wanga umenewo. Wamkulu wojambulitsa ananena yekha kuti, "Baldo, nkhope yako ndi ya wogulitsa anyezi, koma msana wako ndi wa mfumu ya achifwamba." Ntchito itatha, wosunga zovala anandipatsa chijasicho m'manja mwangamu.

Iwe unachibwereka mu Januwale 1969 popita ku Jeremani, amvekere, "Achimwene, kumeneko akuti kumazizira, ndidzapatsira munthu woyamba wobwera kumudzi." Anthu akhala akubwera, Casimiro. Ena anabwera pa magalimoto awoawo, ena m'mabokosi. Chijasi chokha ndiye chinasochera.

M'mafilimu amenewo ndinafa kambirimbiri, pena ngati wachifwamba wa ku Mexico, pena ngati msilikali, tsiku lina kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Imfa zonsezo ndinafa m'zovala za eni. Ikubwerayi ndi yangayanga, ndipo ndikufuna ndife nditavala changa. Mphako ija yolowa bokosi limodzi ya m'khoma la kumanda, imene tinagula awiri titaika Mayi, Frasquito wosunga manda waisesa kale. Chatsala ndi iwe basi.

Mkulu wako,
Baldomero

Bochum, 27 Okutobala 1996

Achimwene,

Kalata yanu inafika bwino ndi zotukwana zake zonse, palibe chimene chinatayika panjira. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinali ndi tizochita ku chipatala, tating'ono, ta mipope ya m'mimba. Amparo sanakwatiwe, amaphunzitsa ana, ndipo akupereka moni. Mundiuze ngati mkuyu wa kuseri kwa nyumba ukuberekabe, ndiponso ngati Frasquito amaberabe pa masewera a madomino.

Za imfa yanu ndamva. Munandilemberanso za imfa yanu mu 1979 ndi mu 1988, ndipo maliro onse awiriwo anathera pa chijasi. Doña Pilar sakukudziwani. Munthu amene ankagwa kuchokera pa denga la banki tsiku lathunthu chifukwa Mtaliyana sanakonde mmene mwendo unapindikira, angafe ndi fumbi?

Koma poti ndikuona kuti mukuzizidwa, ndatumiza phukusi. Muli jekete yatsopano, yofiira, ya zipi, ya nthenga za bakha m'kati. Ajeremani amakwera nayo mapiri a chisanu.

Chijasi chija chisiyeni. Inu munachivala chilimwe chimodzi, ine ndakalamba nacho. Galu ndi wa amene amamudyetsa. Ndipo simukudziwa zimene chachita kuno. Mu 1973 titanyanyala ntchito ku fakitale ya mabatire, ndinaima pachipata nditachivala, ndudu pakamwa, apolisi atandandalika kutsogolo kwanga. Wina anandijambula. Anyamata a ku yunivesite a tsitsi lalitali aja, amene ankadana ndi boma, nkhondo, abambo awo ndi sopo yemwe, anamata chithunzicho m'zipinda zawo, amvekere "Msipanya wosagwada." Filimu yanu anali ataionera kakhumi aliyense, ndiye ankayesa munthu uja watuluka m'kanema kudzawathandiza. Zoona zake n'zakuti ndinkadikira Mgiriki wina amene anali ndi machesi. Koma atsikana awo anandigulira mowa mpaka chaka chinatha, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene anabereka Amparo. Ndiye mukufuna ndibweze chijasi chokha, kapena ndi mwana yemwe?

Muzivala jeketeyo potuluka m'mawa.

Mng'ono wanu wokhulupirika,
Casimiro

Tabernas, 14 Novembala 1996

Casimiro,

Moni wokakamiza. Mkuyu ukubereka, Frasquito akuba, phukusi lafika. Undiuze kuti mipope ya m'mimba ndiye kuti chiyani. Kwathu kuno mipope imakhala m'nyumba, anthu amakhala ndi matumbo.

Jekete yako ndaveka chidole choopsezera mbalame m'munda wa nyemba. Mbalame zikuseka. Iwe ukufuna ndikafike kwa Petulo Woyera nditavala chinthu chofiira cha zipi, akayese ndabwera kudzakonza magetsi?

Poti sukulu tinalekezera pamodzi, ndikufotokozera pang'onopang'ono. Ukukumbuka mafilimu a ku Amereka amene wansembe wathu Don Servando ankationetsa m'holo ya tchalitchi? Ngwazi yake yometa bwino, chipewa choyera, yopulumutsa mkazi wamasiye ulere, pomaliza n'kuthokoza boma. Munthu wa m'filimu yathu uja sanali wotero. Sankasamba. Ankagwira ntchito kwa adani awiri nthawi imodzi n'kuwabera onse. Ndudu ankayatsira pa kandulo wa paguwa. Anthu a m'tauni atamugwadira kuti awalanditse kwa mwini migodi, iye anangoyang'ana nsapato za meya n'kufunsa kuti, "Sayizi yanji?" Meyayo atawomberedwa anamuvula nsapatozo, amvekere, "Kumene ukupitako kulibe minga." Mnzake anali mmodzi yekha, mkulu wina wakuba mahatchi. Mkuluyo atatsekeredwa m'ndende imene inkayaka, iye anabwerera kudzamutulutsa, koma anati wangotsatira chishalo chake chimene mkuluyo anabwereka. Filimu yonse sananenepo kuti amakonda munthu.

Masiku amenewo ife tinkavulira chipewa wansembe, mwini munda, sajeni wa apolisi, ngakhale galu wa sajeni. Koma tsiku lina ndikuchokera kojambula, chijasi chili pathupi, ndinakumana ndi sajeniyo pa kanjira kopapatiza ka kumtsinje wouma. Sindinavule. Sindinapatuke. Anapatuka ndi iye, Casimiro. Pa moyo wanga wonse, tsiku ndi lokhalo.

Filimuyo itafika kuno, Don Servando anaidula ndi sizasi: kandulo kunja, nsapato kunja, mkazi wa ku bala kunja. Inatsala yaifupi kuposa Misa ya m'mawa, ndipo munangotsala msana wanga ndi hatchi. Potuluka Mayi anati, "Baldo, bwanji sunatembenuke n'kamodzi komwe kuti anzanga akuone?"

Ndiye iwe ukuti unadikira machesi n'kusanduka ngwazi. Mtaliyana anandibera msana, iwe unaba chimene chinatsala. Tumiza.

Baldomero

Bochum, 6 Januwale 1997

Okondedwa Bambo aakulu,

Moni wa chaka chatsopano. Ndine Amparo, mwana wanu uja munamuona komaliza ali ndi mano awiri. Muli bwanji m'chifuwamo? Mankhwala mukumwa? Bambo sakudziwa kuti ndikukulemberani. Kalata yanu ija anaiwerenga mobwerezabwereza, kuseka mpaka kutsokomola, kenako anaiika m'thumba la chijasi mmene muli zinzake.

Mwezi watha gulu la okonda mafilimu linaonetsa filimu yanu kuno. Ajeremani anaipatsa dzina lawolawo, *Mtembo Sufuna Nsapato*. Holo inadzaza ndi anyamata a tsitsi lalitali aja, kungoti tsopano ndi maloya ndi madokotala a mano, ndipo tsitsilo linapita. Itatha anakangana koopsa kuti mwini migodi akuimira Amereka kapena abambo awo. Mmodzi anati ataionera koyamba anatuluka n'kukaponya njerwa pa windo la banki. Lero amagwira ntchito m'banki momwemo. Kenako anaitana Bambo kutsogolo, atavala chijasi, kuti anenepo mawu pa nkhani ya kuukira olamulira. Bambo anayang'ana holo yonse n'kunena kuti, "Ine anandiuza kuti kuli soseji yaulere." Kuwomba m'manja kwake! Mayi wina mpaka analira, amvekere, "Ndi yemwe uja, sanasinthe!"

Zinandiwawa chifukwa cha inu. Ndinaimirira n'kuwauza kuti msana umene akuupembedzawo uli moyo, uli ku Tabernas. Tsopano akufuna mubwere mu Meyi. Ndege alipira okha, akupatsani chikho, ndipo dzina lanu alitchula pamaso pa anthu onse. Ndikuganiza kuti ndakumvetsani, Bambo aakulu. Chimene mukufuna si nsalu yakale yonunkha fodya, koma kuti anthu akudziweni.

Bambo aonda. Chijasi chayamba kukhwekhwerezeka pansi akamayenda. Anati ndisauze munthu, ndiye sindinakuuzeni.

Mwana wanu,
Amparo

Tabernas, 21 Januwale 1997

Amparo, mwana wanga,

Moni. Uli ndi mtima wabwino, ndipo sindikudziwa kuti unautenga kuti, chifukwa kwathu kulibe. Mankhwala ndimapatsa nkhuku, zikuikira bwino.

Ndikufuna nsalu yakale yonunkha fodya.

Chikhocho apatse wa kubanki uja, aziikamo njerwa yake. Ndikanafuna kuti andidziwe ndikanatembenuka. Mu Meyi ine ndidzakhala ndili m'khoma. Akafuna adzandionere komweko, chakumbuyo, monga anazolowera.

Tamvera. Bambo ako akagona, uchitenge, uchikulunge, uthamange nacho ku positi. Si kuba kumeneko, ndi mmene timachitira pabanja pathu.

Ukuti waonda. Waonda motani? Akudya? Madokotala akumeneko akuti chiyani kwenikweni? Ndikufunsa chifukwa cha chijasi, angachipereke kwa telala kuti achichepetse. Undiyankhe msanga, usachite ulesi wa bambo ako.

Bambo ako aakulu,
Baldomero

Bochum, m'chipatala, 25 Febuluwale 1997

Achimwene,

Moni. Mudakali moyo? Mwana ndinamugwira pakhomo, chijasi chili m'khwapa, akulira yekha ndisanamufunse kanthu. Kuba sadziwa, ndi magazi a mayi ake.

Chabwino, mwapambana. Chikubwera Pasaka isanadutse. Positi sindiikhulupirira, ndibwera nacho ndekha, nditachivala, ndipo ndikafika sindichokanso. Ntchito yanu ndi imodzi: musafe ndisanafike. Mukafa, sindikupatsani.

Zilembo zikapindika, ndi cholembera cha Ajeremani ichi.

Casimiro

Tabernas, 10 Malichi 1997

Casimiro,

Moni. Ukuti ukubwera. Ndidzakhulupirira ndikaona. Undiuze tsiku ndi basi yake, osati kuti ndidzakuchingamire, koma kuti ndibisiretu vinyo wabwino.

Chipinda chako ndapaka laimu. Usadzimve, chinali chitada kale. Matiresi ndayanika padzuwa. Paquita wa ku bala wafunsa ngati udakali ndi tsitsi lako lija. Ndamuuza kuti ngakhale mano ulibe. Kukagwa mvula ndidzaphika migas, chakudya chija cha ufa wokazinga, monga ankachitira Mayi, ndi nsomba zootcha pambali. Kukapanda kugwa udzadya zimene ndikudya ine. Maolivi ndinathyola, mafuta ndikudya, ndipo Doña Pilar akudabwa kuti mpweya ukulowera pati. Ndamuuza kuti ndikudikira katundu.

Usayembekezere kukumbatiridwa. Ukangotsika basi uvule pomwepo, undipatse, kenako ndiye tione ngati ndikukudziwa. Munthu wathu wachinayi pa madomino anamwalira pa Khirisimasi, ndiye mpando ulipo. Udzakhala mbali yanga. Mbala imadziwa mbala inzake, mwina awiri tingamugwire Frasquito.

Fulumira.

Baldomero

Bochum, 18 Malichi 1997

Bambo aakulu,

Pa foni ya kwa Paquita munangomva mawu oyamba n'kuchokapo, ndiye otsalawo ndalemba. Bambo anatisiya Lamlungu m'mawa. Kalata yanu ya laimu ndi madomino yafika lero. Ndapita kukawawerengera komwe agonako, kenako ndaiika m'thumba la chijasi pamodzi ndi zinzake.

Matenda awo ankawadziwa kuyambira Okutobala. Masiku omaliza anandilumbiritsa zinthu ziwiri: kuti akagone ku Tabernas m'mphako imene munagula awiri, ndiponso kuti ndiwaveke chijasi. Ndinati, "Bambo, n'cha abambo aakulu, akuchifuna pa maliro awo." Iwo anati, "N'chifukwa chake." Anaitanitsa mkulu wa kampani yoona za maliro, Mjeremani waulemu wa tayi wakuda, n'kumufunsa kuti afotokoze bwinobwino mmene amakonzera bokosi lodutsa malire a mayiko. Atamva anati abwereze. Atabwereza anaseka mpaka namwino anabwera kudzatikalipira.

Ndinawafunsa uthenga woti ndikupatseni. Ndinkayembekezera mawu achikondi, moti ndinali nditatenga kale pepala. Anati, "Ukawauze kuti lonjezo ndasunga, ndabwera nditachivala. Akachifuna adikire." Sindinamvetse, koma ndanena monga ananenera.

Tifika Lachitatu la sabata yamawa. Pepani, sindinathe kuwakanira.

Amparo

Tabernas, 4 Meyi 1997

Amparo, mwana wanga,

Moni. Unafika bwino? Undiuze ngati ukudya, ndiponso ngati madokotala a mano aja apeza msana wina woupatsa chikho.

Pali zimene sunaone pa maliro. Ukukumbuka masana aja, bokosi lili m'chipinda chopaka laimu, pamene ndinakutuma kwa Paquita kukatenga khofi? Khofi m'nyumba munali. Utangotuluka ndinakhoma chitseko, Frasquito n'kutulutsa zida zake m'thumba.

"Baldo," anatero, "kuvula mtembo ndi tchimo."

"Kumene akupitako sikuzizira," ndinatero. "Masula."

Tinachotsa chivundikiro cha thabwa. Pansi pake panali bokosi lina, la malata, lowotcherera mbali zonse ngati chitini cha nsomba. Ndi mmene amachitira ndi mitembo yodutsa malire, ndipo galu ameneyo n'zimene ankaseka m'chipatala muja. Ndinagogoda. Ndinamutukwana, iye, Ajeremani ake, ndi Gennaro yemwe. Frasquito anakhala pansi atagwira m'mimba, amvekere, "Wakudya, Baldo! Wakudya atafa kale!" Kenako nane maso anayamba zawozawo. Ndi laimu ameneyo, amalasa m'maso.

Ndiye chijasi watenga, mphako watenganso. Titamata khoma, anthu atabalalika, ndinamufunsa Frasquito kuti nanga ine ndikagona kuti.

"Mwambo ukuudziwa," anatero. "Mphako ikalowa munthu sitsegulidwa mpaka patapita zaka zisanu. Zikakwana ndimatsegula, malatawo ndimadula, mafupa ndimasonkhanitsa m'nsalu n'kuwakankhira kumapazi kuti wachibale apeze malo. Ukafa zisanakwane, ndikakuika mzere wa kumunsi uko, pafupi ndi sajeni wako uja, utavala jekete yofiira."

"Nanga chijasi, m'malata muja?"

"Nsalu ya Ataliyana imeneyo? Chidzatuluka chonunkha, koma chidzatuluka."

"Kununkha chinkanunkha kale," ndinatero.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimakwera kumanda kukamuuza kuti ndidakalipo. Ndimafika ndikupumira m'mwamba ngati bulu, ndimagogoda pa mwala wake, ndimamufunsa za katundu wanga. Sayankha. Kuyankha makalata ankachedwanso chomwecho.

Chipinda chilipo, laimu adakali woyera. Ubwere mu Ogasiti nkhuyu zikapsa. Si kuti ndakusowa, koma ndi iwe mboni yokhayo imene inaona chijasi chikulowa m'bokosi, ndipo Frasquito sindimukhulupirira.

Lolemba ndinapita kwa Doña Pilar. Ndinaika paketi yanga ya ndudu patebulo pake, n'kumuuza kuti andipatsenso mapiritsi aja ndinkadyetsa nkhuku, ndi botolo la mpweya wothandiza kupuma limene ndinalikana poyamba. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Bambo Baldomero, zaka zisanu? Ine ndinakupatsani miyezi."

"Mayi," ndinatero, "miyezi yanuyo mupatse wina. Ine sindingafe panopa. Ndilibe chovala."

Bambo ako aakulu,
Baldomero